Mipando Imene Inkakula

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, palibe chinthu chimene chinatuluka m'shopu ya ukalipentala ya a Sikweya n'kubwereranso. Matebulo, zitseko, mabedi ndi makabati, zonse zinkayenda ulendo umodzi. Dzina limeneli analilandira ali mnyamata, chifukwa cha kachitsulo koyezera ngodya kamene sikankachoka m'thumba la ovolosi yawo, ndiponso chifukwa cha khalidwe lawo losadziwa kukhota. Motero m'mawa wa Lachiwiri lija, galimoto yonyamula katundu itaima pakhomo pa shopu ili ndi mipando khumi ndi iwiri yomangidwa ndi chingwe, miyendo ili m'mwamba, iwo anayamba aganiza kuti dalaivala wasochera.

M'galimotomo munatsika mwini wa sukulu yophunzitsa kusoka, mayi wamfupi wa tepi m'khosi, amene anatenga mipandoyo masiku anayi okha m'mbuyomo.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndabwera ndi ana anu."

"Alakwa chiyani?"

"Nkhope ndi okongola, sindinama. Koma msinkhu wawapitirira."

Mayiyo anamasula mpando umodzi, nauimika pasimenti, n'kukhalapo. Mapazi ake analendewera m'malere, ndipo nsapato imodzi inavuka n'kugwa.

"Makina anga ndi opalasa ndi mapazi, bambo, si amagetsi. Atsikana anga akufikira chopondera ndi nsonga za zala. Dzulo wina watsetsereka mpaka kukapezeka kunsi kwa makina. Kodi munamva kuti ndimaphunzitsa kusoka, kapena kuyendetsa thirakitala?"

A Sikweya sanaseke. Anatulutsa tepi, nagwada movutikira, n'kuyeza kuchokera pansi kufika pokhalira. Mpando wa munthu wamkulu umayenera kukhala mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo zimenezi ankazidziwa monga ankadziwira dzina lawo. Uwu unapitirira ndi zala zinayi. Anayeza wachiwiri, wachitatu, mpaka wotsiriza. Yonse inali yofanana bwinobwino, ndipo yonse inali yolakwika.

"Ndidula miyendo," anatero.

"Kudulako mudula. Koma ndikuuzeni ngati mwana wanu: mukapimitse maso."

Mawu amenewa anagwera pamene panali kale bala. Chaka chathacho sowo yamagetsi inawatema chala chachikulu cha kumanzere mpaka kukasokedwa. Tsiku limenelo mwana wawo woyamba, kalaliki wa pakampani ina ya inshuwalansi, anaima pakhomo lomwelo n'kunena kuti maso a bambo ake atha, kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri sayenera kumaseweretsa zitsulo zakuthwa, ndi kuti pali mnzake wokonza mafoni amene akufuna malowo. A Sikweya anamuyankha mwachidule: "Tsiku limene ntchito yanga idzabwezedwe, udzabwere udzatenge kiyi." Analonjeza momasuka, monga munthu amene akudziwa kuti tsikulo silidzafika.

Mmisiri wina akanadula miyendoyo mwakachetechete, nkhani n'kuthera pomwepo. A Sikweya anaimbira mwana wawo foni masana omwewo.

"Ntchito yabwezedwa."

Mwanayo anafunsa: "Mwavulala, bambo?"

"Ndati ntchito yabwezedwa. Mipando yatalika ndi zala zinayi."

"Ndiye ndi maso aja."

"Sindikudziwa. Ndikufuna ndidziwe."

"Mukadziwa zisintha chiyani?"

"Iwe ukapeza nambala yolakwika m'mapepala akowo, umangotseka ofesi n'kumapita kwanu?"

Mwanayo anapumira m'mwamba. "Chabwino. Mnzanga uja akufuna malowo kumapeto kwa mwezi wamawa. Ndidzabwera tsiku limenelo. Ngati ndi maso, kiyi ndidzatenga, ndipo musadzandinene kuti ndine mwana woipa. Ngati ndi chinthu chotheka kukonza, ndidzachione ndi maso angawa. Kundionetsa, bambo, osati kundiuza."

"Ukuyankhula ngati mayi ako."

"Ndiye kuti ndikuyankhula zoona."

A Sikweya anayamba ndi zida, popeza chida n'chosavuta kuchiimba mlandu. Tepi anakaiyerekeza ndi ya womanga nyumba wa pafupi, ndipo zinagwirizana. Pasimenti ya m'shopu anathirapo madzi kuti aone ngati yapendekeka, koma madziwo anangokhala pamene anathiridwa. Kenaka anatembenukira maso. Anavala magalasi awo akale, n'kuwerenga tizilembo tonse ta pabotolo la guluu, mpaka tochenjeza kuti munthu asamwe. Anabwereka singano ya akazi awo n'kulowetsa ulusi paulendo wachiwiri. Maso otere sakanaphonya zala zinayi.

Chinatsala ndi njira yawo yopangira mipando, ndipo iyi sankaikayikira n'komwe. Anaiphunzira kwa mmisiri amene anawalera pantchito. Miyendo ya mpando woyamba ankaidula yotalikirapo. Akalumikiza ankakhalapo, n'kudzuka, n'kuchepetsa pang'ono, n'kukhalaponso, kufikira thupi litavomera kuti apa ndi pomwe. Mpando woyambawo ndiwo unkakhala muyezo wa inzake yonse. Tepi ankayezera china chilichonse, koma msinkhu wa mpando ayi, chifukwa, monga ankanenera, wodzakhalapo ndi munthu, si tepi. Kodi mwina munthuyo ndiye anatalika? Anaima chotsamira felemu ya chitseko, n'kudzilemba mzere pamutu ndi pensulo. Anapeza kuti afupika ndi theka la inchesi. Apa chidwi chawo chinakula kuposa mantha. Ngati mmisiri akufupika, mipando iyenera kufupika naye. Nanga yawo inkakwereranji?

Ali chiimire kuyang'ana mzerewo, analowa alamu awo, mchimwene wa akazi awo, munthu wowonda ngati chingwe, amene anapuma pantchito yowerenga mamita a madzi atayenda wapansi khomo ndi khomo kwa zaka makumi atatu. Anali wamkulu kwa a Sikweya ndi zaka zinayi, ndipo sankalola kuti mfundoyi iiwalike.

"Alamu, mwayamba kudziyeza nokha? Bokosi lanu tidzapangitsa kwina, musavutike."

A Sikweya anawafotokozera zonse. Alamuwo anamvetsera atanjuta pansi pafupi ndi mulu wa utuchi, zigongono pamawondo.

"Kuntchito kwathu," anatero, "mita ikaonetsa zachilendo, sitinkakangana nayo. Tinkayang'ana za miyezi yakumbuyo. Madzi otayika sayamba tsiku limodzi. Mipando yanu yakale ili kuti?"

"M'makomo mwa anthu."

"Makomo ndimawadziwa onse, ndi agalu ake omwe. Valani nsapato."

Alamuwo ananyamuka pamenepo osagwira kanthu, ngati munthu wokokedwa ndi chingwe kuchokera kudenga. A Sikweya anaona, koma sanaikepo mtima.

Anali ndi chizolowezi cholemba chaka kunsi kwa mpando uliwonse ndi pensulo ya ukalipentala, ndipo chizolowezichi chinawathandiza. Kwa masiku awiri anayenda m'makomo. Ankagogoda, n'kupempha kuona mpando, n'kuugadabuza, n'kuwerenga chaka, n'kuyeza, n'kulemba pa kachidutswa ka thabwa kamene anatenga. Eni mipando ankaonerera modabwa, ena akuganiza kuti mmisiri wabwera kudzalanda katundu wake.

Mipando ya zaka makumi awiri zapitazo inali pamuyezo, osapitirira ngakhale ndi tsitsi. Ya zaka khumi ndi ziwiri inalinso chimodzimodzi. Ya zaka zisanu ndi zinayi inali itakwera ndi theka la chala. Ya zaka zisanu ndi chimodzi, chala ndi theka. Ya chaka chatha, zala zitatu. Manambalawo atandandalika pathabwa ankaoneka ngati masitepe.

"Mipando yanu ikukula ngati ana, alamu. Mumaidyetsa chiyani?"

"Nanga bwanji simunadandaule?" a Sikweya anafunsa mwini wa malo ophikira buledi, amene anali ndi mipando isanu ndi umodzi ya zaka ziwiri zapitazo.

"Ife tinkayesa ndi fashoni, bambo. Komanso kudandaula kwa inu kumafuna mtima."

Mayi wina wamasiye anagwira pachifuwa atamva nkhaniyo. "Mwandimasula. Ine ndinkangoti ndikufupika, mpaka ndinauza mwana wanga kuti andiperekeze kuchipatala."

Chinthu china chimene a Sikweya sanachilembe pathabwa ndi chakuti ulendowo unkawalemera. Msewu wokwera wopita kumsika, umene kale ankaudutsa atasenza chitseko, tsopano unkawapumitsa kawiri. Alamu awo ankawadikira pamwamba, manja kumbuyo, akuwerenga zikwangwani za m'mashopu mokweza ngati munthu wosowa chochita.

Khomo lomaliza linali la wometa tsitsi. Pakona, pamene makasitomala amadikirira, panali mpando wakuda ndi zaka, umodzi wa mipando yoyamba imene a Sikweya anapanga atangotsegula shopu. Anauyeza. Unali mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu ndendende. Chifukwa cha kutopa, ndiponso chifukwa cha kunyadira ntchito ya unyamata wawo, anakhalapo. Kutsika kwake kunali kwakutali kuposa mmene ankayembekezera, ndipo anafika ndi phokoso.

Nthawi yopita itakwana, anaweramira kutsogolo kuti adzuke. Thupi linakana. Anayesanso. Dzanja lawo linafufuza tebulo, koma panalibe tebulo. Linagwira waya wa makina ometera, wometa n'kukuwa kuti adula khutu la munthu. Pamapeto pake alamu awo anawagwira m'khwapa n'kuwakoka.

"Mpando uwu ndi wamfupi," anatero a Sikweya, akukonza ovolosi.

"Munaupanga ndinu, bambo," anayankha wometa, "ndipo mwauyeza nokha pompano."

Panjira yobwerera yankho linali litayamba kuoneka, koma a Sikweya sankalandira yankho lopanda mboni yachiwiri.

Mboniyo anaipeza kunyumba. Dzuwa likupendeka anakhala patebulo kumwa tiyi ndi akazi awo, pamipando imene anapangira nyumbayo zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Supuni inawagwa. Powerama kuti aitole, anaona chitini cha penti chopanda kanthu kunsi kwa tebulo, ndipo pachitinipo panali mapazi a akazi awo.

"Amayi, chitini ichi chikutani muno?"

"Chikugwira ntchito."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene munabweretsa mipandoyi. Ichi ndi chachiwiri. Choyamba chinachita dzimbiri."

"Zaka zisanu ndi chimodzi, osandiuza?"

"Munandifunsa? Inu munakhalapo n'kunena kuti apa ndi pomwe. Ine ndikanati chiyani kwa a Sikweya?"

Anawathirira tiyi wina mosafulumira, monga munthu amene wadikira nthawi yaitali kuti afunsidwe ndipo sakufuna kuti mwayiwo uthe msanga.

"Popeza mwafunsa, ndipitirize. Tebuloli limagwedera mbali yanu yokha, chifukwa mukamadzuka mumalikankha ndi manja onse awiri. Ine ndimayamba ndanyamula kapu yanga. Bedi munalikweza ndi matabwa chaka chija, mukuti mukuthawa chinyezi. M'nyumba muno mulibe chinyezi. Kushopu, guluu ndi misomali zinkakhala pashelefu ya pansi, lero zili pamutu. Mdzukulu wanu akakuitanani kuti mukhale naye pansi muone zojambula zake, mumamuuza kuti abweretse patebulo. Mwakweza nyumba yonse, bambo. Chatsala n'kundikweza ine."

A Sikweya anali munthu wonyada, ndipo kunyada kunapweteka. Koma analinso mmisiri, ndipo mmisiri akapeza pamene pakulowera mphepo m'chitseko amamva kukoma kwina, ngakhale chitsekocho chili chake. Zonse zinagwirizana tsopano. Muyezo wawo unali thupi, ndipo thupilo silinkayeza kukhala, linkayeza kudzuka. Chaka chilichonse miyendo ikafooka pang'ono, linkavomera msanga, sowo isanatsike mokwanira. Ndipo mpando uliwonse wokwererapo unkapatsa miyendo mpumulo wina, miyendoyo n'kufookeranso.

"Ndiye kuti si maso," anatero pomaliza.

"Maso anu amaona ngodya yokhota ali kutsidya kwa msewu. Chitini chokha ndicho chinawavuta."

M'mawa mwake anapita kuchipatala, popeza sankadula thabwa asanadziwe ngati mkati mwake muli chiswe. Dokotala, mayi wa msinkhu wa mwana wawo, anawayeza magazi ndi mtima, napinda mawondo awo uku ndi uku.

"Mawondo ali ndi zaka zawo, koma si odwala. Minofu ya m'ntchafu ndiyo yagona."

"Ndimaima tsiku lonse pabenchi, adokotala."

"Kuima n'kosavuta, ngakhale mtengo wa magetsi umaima. Ntchito ili potsika ndi pokwera. Minofu ukaileka imachoka pang'onopang'ono osatsanzika, koma ukayamba kuifuna imabwerera, ngakhale pa msinkhu wanu. Khalani pampando, mupinde manja pachifuwa, mudzuke, mukhalenso. Mukafika kasanu osagwira kanthu pampando wamba, tidzati mwayambapo. Muyambire pampando wautali, ndipo pafupi pakhale chogwira. Muziyendanso. Bondo likabaya, lekani mubwere. Mpando wautali muli nawo?"

"Ndili nayo khumi ndi iwiri," anayankha a Sikweya.

Khumi ndi umodzi anaidula tsiku lomwelo, ndi tepi, n'kukaipereka. Wotsalawo anausunga.

"Uwu ndidzabweretsa kumapeto kwa mwezi wamawa," anauza mwini sukulu. "Ndiziudula chala chimodzi nthawi imodzi."

"Sowo yanu yadwala?"

"Sowo ili bwino. Mpandowu uzitsika pamodzi ndi ine. Ndikadzuka kasanu, ndidula chala. Ndikadzukanso kasanu, ndidula china."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ndakhala ndikugula zinthu moyo wanga wonse, koma mpando wodikira kuti mmisiri achire sindinaugulepo. Chabwino. Mtsikana mmodzi azikhalira ndowa."

Kwa mwana wawo anangoti: "Ndi miyendo. Udzaona kasanu pampando wamba, kapena udzatenga kiyi."

Ntchitoyo anaigwira monga ankagwirira ntchito ina iliyonse, mosanyengerera. M'mawa uliwonse asanagwire chida, ndiponso madzulo asanatseke, ankaika mpandowo pafupi ndi benchi, n'kupinda manja, n'kuyamba. Mlungu woyamba ntchafu zinawawa kotero kuti ankatsika sitepe ya pakhomo chammbali. Guluu ndi misomali anazibwezera pashelefu ya pansi, kuti msomali uliwonse uziwagwaditsa. Masana alamu awo ankabwera kudzawatenga, n'kumayenda nawo msewu wokwera uja.

"Mukupuma ngati fiiriji yakale, alamu."

"Yendani, musandiwerengere mpweya."

"Ndinazolowera kuwerenga. Dzulo munaima pa shopu ya nsapato, lero mwafika pa ya mankhwala. Mita ikuyenda."

Chimene chinkawasangalatsa a Sikweya, ngakhale sakanavomera pagulu, chinali kufufuza. Anapeza kuti mapazi akabwerera m'mbuyo pang'ono kudzuka kumapepuka, kuti mphuno iyenera kutsogola kupitirira mawondo, kuti kukhala pang'onopang'ono n'kovuta kuposa kudzuka, ndi kuti mwendo wa kumanzere unkabisala kumbuyo kwa unzake ngati wantchito waulesi. Zaka zonsezi ankadziwa mtengo uliwonse ndi fungo lokha, koma ntchafu zawo zomwe anali asanazifunsepo kanthu.

Chala choyamba chinagwa patapita masiku asanu ndi anayi. Chachiwiri chinatenga masiku khumi ndi awiri. Chachitatu chinawavuta mpaka anayamba kukayikira dokotala, koma nacho chinagwa. Atatsala ndi chala chimodzi, masiku anali atatha.

Tsiku lotsiriza la mwezi linali Lachisanu. Mwana wawo anafika nthawi ya nkhomaliro, pagalimoto, atavala tayi, mimba ikukoka mabatani a shati. Akazi awo anabwera ndi alamu aja. Mwini sukulu nayenso anatulukira, akuti ndowa yake ikufunika pantchito ina.

"Dzulo ndadzuka kasanu pa msinkhu uwu," anatero a Sikweya, akuloza mpandowo. "Koma uwu si msinkhu wa mpando. Patsala chala."

"Ingodzukani pomwepo, bambo, ndiona," anatero mwanayo.

"Sindinakulonjeze mpando wa thirakitala."

Anaugoneka pabenchi, nalemba mizere inayi, n'kudula. Tizidutswa tinayi tinagwera mu utuchi. Anauimika, n'kuyeza ndi tepi pamaso pa onse, kenaka anakhalapo ndi kupinda manja pachifuwa. Pa msinkhu umenewu anali asanadzukepo opanda chogwira kwa zaka zimene iwo eni sankazidziwa.

"Wowerenga ndine," anatero alamu aja.

Anabweza mapazi m'mbuyo, mphuno inatsogola, ndipo anaimirira.

"Kamodzi."

Anatsika pang'onopang'ono, n'kukweranso.

"Kawiri. Katatu."

Kachinayi mitsempha ya m'khosi inatuluka, ndipo mpando unalira pasimenti, koma anafika pamwamba.

"Kanayi."

Anakhala, napuma kawiri, n'kuyamba kachisanu. Ananyamuka kutalika kwa chikhatho, n'kuima pomwepo. Ntchafu zinanjenjemera ngati sowo yokanirira m'thabwa laliwisi. Benchi inali pafupi, ndipo dzanja lamanja linayamba kumasuka lokha kuti liigwire. Analibweza pachifuwa. Anakhala m'malere chomwecho kanthawi, kenaka anagwera pampando.

"Kanayi ndi theka," anatero alamu aja motsitsa mawu.

"Theka kulibe," anatero a Sikweya.

Atapeza mpweya anagwira benchi, naimirira, n'kumasula kiyi pa chingwe cha m'chiuno. Anaiika pabenchi, pakati pa pensulo ndi sowo, n'kuikankhira kwa mwana wawo. Akazi awo anayang'ana kudenga ngati kuli kanthu kofunika kumeneko.

Mwanayo sanaitole. Anaiyang'ana, nayang'ana tizidutswa ta miyendo tija, n'kudzikhazika pampando womwewo ngati munthu wofuna kuganiza.

"Mwezi watha munkadzuka kangati pa msinkhu uwu?"

"Ngakhale kamodzi."

"Kwa wometa ndinachita kuwazula ngati msomali," anawonjeza alamu aja.

Mwanayo anagwedeza mutu. Kenaka anaika manja onse awiri pamawondo, nabuula pang'ono, n'kudzuka. Maso a a Sikweya, amene anali atagwa, anadzuka naye.

"Bwereza."

"Ndibwereze chiyani?"

"Wagwira mawondo."

"Ndi chizolowezi chabe, bambo."

"Inenso chinali chizolowezi. Khala. Pinda manja."

"Bambo, ndavala tayi."

"Tayi sakhala m'ntchafu, mphwanga," anatero alamu aja. "Khala, malume ako awerenge."

Anakhala, popeza mayi ake anali kumuyang'ana. Kasanu anakwanitsa, koma kachisanuko anafika akuluma mlomo. Atafuna kuonetsa kuti angathe kupitiriza, anafika kachisanu ndi chitatu thukuta lili chipichipi pamphumi, n'kukhala akupumira m'kamwa. Anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri.

"Mukatha kuutenthetsa mundiuze," anatero mwini sukulu. Mwanayo atangochokapo, mayiyo anakhalapo kamodzi, naponda pansi ndi mapazi onse awiri, n'kunyamula mpando wake kupita nawo kugalimoto.

Mwanayo anapukuta nkhope ndi mpango. "Mnzanga uja ndimuuza afune malo kwina."

"Ndinati kasanu."

"Kasanu ndi zanu ndi adokotala anu. Ine ndinati ndikufuna kuona ngati chinthucho chingakonzeke. Ndaona." Anatola kiyi n'kuiponya m'thumba la ovolosi ya bambo ake. "Koma sowo yamagetsi ija musamaigwire muli nokha. Pamenepo sindisintha."

A Sikweya anavomera ndi mutu, koma zinkaoneka kuti maganizo awo apita kale kwina. Ankayang'ana miyendo ya mwana wawo monga ankayang'anira thabwa lobwera kumene.

"Mpando wa kuofesi kwako ndi wautali bwanji?"

"Sindikudziwa. Uli ndi kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira."

"Iwe umaukweza, kapena umautsitsa?"

Mwanayo anaganiza kaye.

"Kukweza," anatero mosafuna.

A Sikweya anatola tepi ndi pensulo. Anatulutsa onse panja, natseka shopu, n'kuyesa loko kawiri. Mwanayo anayamba kulowera kugalimoto.

"Isiye, uidzere madzulo. Ofesi yako si ili kuseri kwa msika kokha?"

"Bambo, ofesi yathu ili pamwamba penipeni. Timakwera chikepe."

"Masitepe kulibe?"

"Aliko. Ndikuganiza kuti ali chakumbuyo."

"Ukuganiza," anatero a Sikweya, akuyamba kukwera msewu. "Tiye tikawafufuze."